Pa Katope Wopindika Palibe Nsomba

Zeka, pukuta mamina amenewo. Ndiwe mwamuna wanga wotani iwe, wolirira mbedza? Guwarda, mlonda uja, wakulanda mbedza, sadakulande dzanja. Bwera ukhale pakhonde pano, undithandize kusankha nyembazi. Nawenso Selestina, mkazi mnzanga, ika pansi kafoni kakoko, makutu ako ndikuwafuna. Rozinya, sendera kuno, mphepo ya kuphiri yayamba kale. Mwakhala mukundifunsa, ana inu, chifukwa chake waya uja wozungulira baraje, damu lathu lija, umayenda mowongoka, koma ukafika pa mitengo ya katope umakhota n'kusiya kanjira. Ena amakuuzani kuti amene ankayeza adaledzera. Sadaledzere. Waya uja tidaukhotetsa ndife. Lero ndikuuzani, pakuti chifuwa changachi sichikundilonjeza mvula zambiri.

Baraje ija inu mudaipeza ili chomwechi, ndiye mumayesa idagwa kumwamba. Kale padali dambo chabe pamene paja, kamtsinje kakudutsa pakati, ng'ombe zikumwa. Adatseka madziwo ndi mzungu wina wa Chipwitikizi amene ankalima tirigu ndi kachewere kumtunda kuja. Ndati adatseka ndi mzungu? Bodza limenelo. Mzungu adangoloza ndi ndodo. Adatseka ndi atate anga ndi anzawo, pa chibalo, dothi pamutu m'madengu. Atate mpaka imfa yawo adali ndi dazi pakati pamutu, pomwe pankakhala nkhata, ndipo ankakonda kunena kuti, "Tsitsi langa lili m'baraje." Madzi atadzaza, mzungu adathiramo makumba. Matemba ndi milamba zidabwera zokha ndi mtsinje. Koma munthu wakuda ukapezeka ndi mbedza, unkalawa mbalamatodya, chithabwa chobookabooka chija ankamenyera m'manja mpaka manja kutupa ngati mkate. Choncho usayese kuti kulandidwa mbedza wayamba ndiwe, Zeka.

Azungu atapita, mashamba onse aja, minda yawo ikuluikulu ija, adakhala a boma. Adatisonkhanitsa pabwalo, mkulu wina ataima pa teratori yolimira, n'kutiuza kuti, "Nthaka ndi ya boma, ndipo boma ndinu!" Mawu amenewo tidawameza osatafuna. Ndidali kamtsikana nthawi imeneyo, ndidawomba m'manja mpaka kuwawa. Ndipo kunena zoona, kwa zaka zingapo baraje idalidi yathu.

Komatu sitinkangolowamo ngati nkhumba m'dimba. Padali lamulo lake. Mvula ikangoyamba, nsomba zikuswana, palibe ankakhudza madzi aja, ngakhale mwana. Tinkadikira mpaka chimanga chiume, tikolole. Ndiye Lamulungu lina, Misa itatha, akulu ankalengeza kuti mawa baraje yatseguka. Kalanga ine, tsiku limenelo! Amuna ankapita kukhoma la baraje, kumene madzi ndi akuya, ndi mbedza zawo ndi miono yolukidwa ndi nsungwi. Ife amayi tinkalowa kosaya, awiriawiri, wina kugwira nsalu uku wina uku, n'kumakokolola matemba. Madzi a mwezi wa chisanu kuno kwathu mumawadziwa, amaluma mpaka m'mafupa. Tinkatuluka milomo ili gwagwagwa, koma tikuseka. Ndipo usadanyamule dengu lako kupita kwanu, unkatapa kambale ka nkhalamba ndi odwala amene sadafike. Matemba amenewo, ofutsa padzuwa, otendera nsinjiro, mungawayerekeze ndi tinsomba tanu touma ta mumsika wa ku Ulongwe, tonunkha kamiyau, chigalimoto cha katundu chija? Inu lero mwatenga ukonde wa udzudzu umene adakupatsani kuchipatala n'kumasesera ndi mazira omwe. Usaseke, Zeka, ndidakuona.

Agogo anu aamuna, a Domingo, adabwera m'mudzi muno ngati mkamwini. Adaphunzira pang'ono ku mishoni ya Fonte Boa, ankadziwa kuwerenga ndi kutsogolera mapemphero. Adali munthu wosalankhulalankhula, wokonda mbedza ndi fodya wake wopichira m'chikonje cha chimanga. Bodza sankalidziwa munthu uja. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma, ankakuuza kuti mchere wachepa, alendo ali pomwepo. Ndidawakonda, ngakhale masiku ena ndinkafuna kuwaponyera mthiko.

Tsopano tcherani khutu, pakuti izi amayi anu omwe adazimva atakula kale. Amayi anu a Rozariya si mwana wanga woyamba. Padali wina patsogolo pawo. Ndidamunyamula miyezi yonse, akundimenya m'mimba ngati wofuna kutuluka msanga. Koma tsiku lake litafika, adatuluka ali zii, osalira.

Mwana wotere kwathu kuno sitimutchula mwana, timati nthayo. Saliridwa maliro, sapatsidwa dzina, samukhomera bokosi, sapita kumanda kwa akuluakulu kuphiri kuja. Amamunyamula amayi achikulire okhaokha, m'kansalu, n'kukamugoneka pamalo ponyowa, pafupi ndi madzi. Dzenje lake silizama, limalekeza m'chigongono, chifukwa amati mukakumba lakuya mwakwirira ndi mimba ya mayiyo, sadzaberekanso. Mwamuna sapondako, safunsa, ndipo sauzidwa. Amangomva kuti zalephereka, basi, n'kutenga khasu lake kupita kumunda. Ngakhale mayi mwini wake sapita nawo. Ine adanditsekera m'nyumba n'kundiuza kuti, "Usalire, ungatseke njira ya anzake." Ndidaluma nsalu. Ndidalira ndi m'mimba, maso ali gwa, ndipo ululu umenewo sudathe mpaka lero lino.

Patapita masabata, ndidapita ndi amayi anga kukachapa ku baraje. Tidadutsa kumtunda kwa madzi, kumene kuli mitengo ya katope. Pamenepo pali umodzi wopindika, woweramira m'madzi, mumaudziwa. Amayi adaima, adatula mtolo wawo ngati atopa, n'kukhudza pansi ndi chala cha kuphazi, pafupi ndi tsinde. Adati, "Pano m'pozizira bwino." Adasenzanso mtolo, tidapitirira. Sadanenenso kanthu mpaka imfa yawo, koma ine ndidamva.

Ndiye mudziwe chimene ndidachita. Madzulo ake ndidauza agogo anu kuti, "Mawa mukawedze pa katope wopindika paja. Ndaona nsomba zikuvundula madzi, zikuluzikulu." Adapita. Adabwerako ndi timatemba tosadzaza chikhatho. Paja pali mizu yambiri, mbedza imakodwa, ndipo nsomba zenizeni zimakhala kukhoma, aliyense amadziwa. Koma ine ndidaumirira. Akati apite kukhoma ndi anzawo, ndinkatupa nkhope, ndiwo n'kuzipsereza dala. Mapeto ake adazolowera. Adadzipezera mwala wokhalira, pomwepo patsinde. Anzawo ankawaseka kuti a Domingo amakawedza mthunzi. Nanenso ndinkawaseka nawo, pamaso pa anthu. Koma mumtima ndinkati, mwana wanga asagone yekha kutchire ngati wopanda kwawo, azimva fungo la fodya wa atate ake.

Kenaka adabadwa amayi anu, ndi ang'ono awo pambuyo. Kenaka idabwera nkhondo. Za nkhondo sindikamba lero, zili ndi tsiku lake. Tidathawa ndi zovala za m'thupi, kudutsa njira zam'tchire kumbali kwa Kalomwe, mpaka tidakapezeka ku Dedza. Kumeneko tidakhala zaka, tikuima pamzere kulandira ufa ndi nandolo. Agogo anu adapeza njinga yobwereka n'kumanyamula katundu wa amalonda pamalire, matumba atatu pa njinga imodzi, munthu woonda ngati bango. Anzanga usiku ndi usana ankadandaula nyumba zawo, ng'ombe zawo, makina osokera amene adakwirira m'munda. Ine ndinkaganiza za mtengo. Ndinkati, asilikali akaudula n'kuphikira nyemba, ndidzapazindikira bwanji?

Nkhondo itatha tidabwerera. Nyumba tidapeza phulusa, m'bwalo mutamera mitengo yotalika kuposa munthu. Mashamba a boma adali tchire, materatori ali mafupa okhaokha, achita dzimbiri. Ndisadamange ndi chisakasa chomwe, ndidanamizira kukatunga madzi. Katope adalipo, atangowonjeza kupindika. Ndidakhala pansi pamenepo nthawi yaitali, ndowa ili yopanda madzi. Chaka chimenecho baraje ndiyo idatilera. Pokhala zaka zonse zija popanda woiwedza, milamba idakula ngati ntchafu ya munthu. Tidadya nsomba tisadakolole kanthu, ndipo ana ambiri amene lero ndi abambo a ndevu adapulumukira pamenepo. Agogo anu adabwerera pamwala wawo osawauza munthu.

Zaka zidapita, amayi anu adakwatiwa, inu mudayamba kubadwa. Selestina adali akuyamwa pamene kudabwera galimoto yoyera, mutakwera anthu a boma ndi bambo wina wa ku Tete, mwini empureza, kampani yaikulu. Ife tinkangomutcha patarau, ndiye kuti bwana. Ankafuna malo onse a mashamba akale aja pamodzi ndi baraje, alime mbatata ndi kuweta nsomba. Ndisamunamizire, sadabwere ngati mbala. Adaitanitsa reuniyau, msonkhano wa mudzi wonse, pansi pa mabulugama a kusukulu. Amuna adakhala kutsogolo pa mabenchi, ife amayi kumbuyo pansi, monga mwa nthawi zonse. Adalonjeza ntchito, adalonjeza kukonza mlatho. Za kuwedza adati tidzakambirana bwino. Anyamata adawomba m'manja atamva za ntchito.

Ndiye mkulu wa boma adafunsa, "Kodi m'malo amenewa muli minda ya munthu?" Amuna adati mulibe, ndi mashamba akale a boma. "Muli nyumba?" Mulibe. "Muli manda? Nenani, chifukwa manda lamulo limawateteza." Amuna adayang'anana, n'kuloza agogo anu kuti ayankhe iwo, poti adali mkulu wa mpingo, munthu wosanama. Adaimirira, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Manda athu ali kuphiri. Kumadzi kulibe manda."

Ana inu, ndidafuna kuwatsutsa pomwepo. Ndidatsegula pakamwa. Pafupi nane padakhala a Naphiri, mzamba wa m'mudzi muno, amene adalandira theka la anthu mukuwaonawa, ndipo ndi iwo ankatsogolera amayi ku katope. Adanditsina pantchafu, kutsina kwenikweni. Ndidayang'ana uku ndi uku. Amayi onse adaweramitsa mitu, wina akutokosa pansi ndi kamtengo, wina akukonza mwana kumbuyo. Zimenezi sizinenedwa pamaso pa amuna, tidakula tikudziwa choncho. Amuna adanena zoona zimene ankadziwa, ife tidasunga mwambo umene adatisiyira. Palibe adanama tsiku limenelo, koma malo adapita.

Waya udabwera chilimwe chomwecho. Udazungulira baraje yonse, ndi katope yemwe mkati. Kukambirana bwino kuja kudasanduka maguwarda a zibonga. Oyamba adali alendo, koma pambuyo pake adalemba ana a m'mudzi momwe muno, kuti tizidana tokhatokha. Anyamata ankadula waya, maguwarda ankalumikiza. Miono adaiphwanya, maukonde adawatentha anthu akuona. Mwana wa mlongo wanga adathyoledwa dzanja chifukwa cha makumba awiri. Mabanja adasiya kupatsana moto chifukwa uyu mwana wake ndi guwarda, uyo mwana wake wamenyedwa. Agogo anu adakwawa pansi pa waya tsiku lina, nkhalamba ya imvi, kupita pamwala wawo. Adawagwira, adawathyolera ndodo yawo ya mbedza pabondo, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu ngati wakuba nkhuku. Adafika pakhomo pano mutu uli pansi, osati ndi mantha, ndi manyazi.

Amuna adapita ku Ulongwe kukadandaula, ena pa njinga, ena pa shapa, kaminibasi kaja. Adakawauza kuti nthaka ndi ya boma, ndipo boma labwereketsa. Agogo anu adafunsa, "Boma lija mudati ndife, lidasamuka liti?" Adawayankha kuti, "Bambo, mudavomera nokha pa reuniyau. Tidakufunsani zonse." Adabwerako mapewa ali pansi. Ine ndidawapsera mtima miyezi yambiri, ndikuwaikira chakudya osawayang'ana. Ankayesa ndakwiyira nsomba. Ndikadawauza bwanji kuti mwana wawo amutsekera kunja ndi pakamwa pawo pomwe?

Chaka chachiwiri chake, mvula itangotha, ndinkachokera kudimba, ndidadzera m'mbali mwa waya monga ndinkachitira, kuti ndingoona mtengo uja patali. Ndidapeza chimakina chachikasu, cha dzanja lalitali lokumbira, chitaima kumtunda kwa madzi. Pakati pa mitengo ya katope adakhoma zikhomo zopaka utoto wofiira. Chimodzi chidali patsinde penipeni pa katope wopindika. Ndidafunsa guwarda amene adali pamenepo, Mateyu, mwana wa mnzanga wa kwaya. Adati, "Amayi, akumba maiwe oswetsera nsomba. Pano m'pabwino, madzi ali pafupi. Ayamba mawa."

Dengu la masamba ndidalisiya pomwepo. Ndidathamanga, ine wa mawondo ano, mpaka pa mjigo pamene amayi ankatunga madzi. A Naphiri adali pomwepo, atakhala pa chidebe. Ndidanena zonse, mosazungulira. 

A Naphiri adati, "Nangozo, ukufuna titani? Tikaulule kwa amuna? Ukufuna atsikana athuwa aume mimba? Mwambo umenewu sudayambe ndi iwe."

Ndidati, "Amayi, nanga chimakina chija chikawafukula n'kuwayanika padzuwa, amuna sawaona? Agalu sawaona? Mudawagoneka mosazama ndinu nomwe. Dzino limodzi la chimakina chija likwana."

"Ukuyankhula ngati wopenga."

"Ndapenga kumene. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wanga ali pa katope wopindika. Mawa ndikakhala pamenepo, andikumbire limodzi. Amene alibe wake atsale."

Aka kadali koyamba m'moyo wanga kunena mokweza kuti wanga ali pakutipakuti. Mayi wina wachitsikana adayamba kusisima. A Naphiri adandiyang'ana, maso ali psuu. Kenaka adatola ndodo yawo n'kunena kuti, "Ambiri a inu simudziwa pamene pali anu. Mukakhala pa eni ake. Ndibwera ndikulozereni."

M'mawa mwake, dzuwa litangowomba, tidanyamuka. Sitidaimbe nyimbo, sitidanyamule khasu kapena mwala. Ndinkayesa tikhala asanu kapena asanu ndi mmodzi. Nditacheuka panjira, mzere udali wautali, wochokera m'midzi yonse yozungulira baraje. Mudali nkhalamba zoyenda ndi ndodo, mudali atsikana a ana kumbuyo, mudali mkazi wa aporofesori a kusukulu ndi nsapato zake zazitali. Tidanyamulirana waya n'kukwawa mmodzimmodzi. Mateyu adabwera akuthamanga, chibonga m'mwamba. Adaima pamene adaona amayi ake om'bereka akukwawa pansi pa waya, kapulana ya m'chiuno itakodwa paminga. Adaponya chibonga pansi, adawamasula, n'kupondereza waya ndi phazi kuti ena adutse.

A Naphiri adayenda pakati pa mitengo, akuloza ndi ndodo. "Iwe, apa. Iwe, kuseri kwa muzu uwo. Iwe, apa, ndi apo." Amene adali ndi malo awiri ankayala mpango pamodzi n'kukhala penapo. Mayi wina adayala mpango, adayala nsalu yakumbuyo, adavula ndi juzi yomwe. Ndidakhala naye pa benchi imodzi m'tchalitchi zaka zonsezo osadziwa. Ena adakhalira amayi awo amene adamwalira kale. Ine sindidafune wondilozera. Ndidazula chikhomo chofiira chija, ndidakhala pansi pafupi ndi mwala wa agogo anu, miyendo nditatambasula.

Woyendetsa chimakina adaliza injini, adatiyang'ana, n'kuizimitsa. Mbiri idafika m'mudzi kuti amayi alowa m'baraje. Amuna adabwera ndi liwiro, ena ndi zibonga, poganiza kuti nkhondo ya nsomba ija yafika pachimake. Atafika pa waya adaima. Adaona akazi awo, alongo awo, amayi awo, atakhala motalikirana, aliyense payekha, pansi ponyowa, osayang'ana kumadzi. Mmodzimmodzi adayamba kuvula zipewa. Palibe adawauza kanthu. Mwamuna aliyense pamenepo adakumbukira tsiku limene adauzidwa kuti zalephereka.

Dzuwa lili pamutu adafika patarau ndi mkulu wa boma yemwe uja. Mkuluyo adayamba m'Chipwitikizi, ataona kuti sitikumuyankha adatembenukira m'chinenero chathu. "Amayi, vuto n'chiyani? Ngati ndi nsomba, nkhani imeneyo idatha."

Ndidayang'ana a Naphiri. Adagwedeza mutu kuti nena. Sindidaimirire, ndidayankhula nditakhala. Ndidati, "Bwana, nsomba idyani. Mudafunsa za manda, amuna adakuyankhani za manda amene amawadziwa. Pano pagona ana amene sadalire. Pamene pakhala mayi aliyense mukumuonayu pali mwana. Alibe mitanda, alibe mayina, ali ndi ife basi. Mukafuna kukumba, yambani ndi ife."

Patarau adafunsa, mawu atatsika, "Nanga bwanji simudanene tsiku lija?"

A Naphiri ndiwo adamuyankha. "Mudafunsa kutsogolo, mwana wanga. Ife tidali kumbuyo."

Musayese kuti zidatha tsiku lomwelo. Chimakina chidachoka, koma nkhani idakokana mpaka mvula ina, amuna ndi amayi tikupita ku Ulongwe, tikubwera, tikupitanso. Pomaliza adazula waya kumtunda kuja n'kuukhotetsa, mitengo ya katope idatsala kunja, pamodzi ndi kanjira kochokera kumudzi ndi kagombe kakang'ono kamene munthu angaponyepo mbedza. Baraje yonse yotsala idapita, mpaka lero. Amuna ena adang'ung'udza kuti amayi atimenyera nkhondo n'kutipatsa malo opanda nsomba. Ndipo mtengo wake tidalipira. Chaka chotsatira mtsikana wina adapita padera, anthu n'kumati ndi chifukwa choulula zija. A Naphiri adamwalira mawu amenewo ali pamsana pawo, ena adaleka ndi kuwapatsa moni. Ine mpaka lero pali makomo amene sindimwapo madzi. Kaya tidalakwira mwambo, kaya tidaupulumutsa, akaweruza ndi Mulungu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana aja sadafukulidwe.

Agogo anu tsiku lija adali pa waya, kutsogolo kwenikweni. Adandiona pamene ndidakhala. Adayang'ana ine, adayang'ana mwala wawo, adayang'ananso ine. Tidabwerera kunyumba, masiku adapita. Ankangodya pang'ono n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina masana ndikusenda kachewere pakhonde lomwe lino, pamene wakhala Rozinyapo, adabwera n'kukhala pansi pafupi nane, chinthu chimene sankachita.

Adati, "Mayi a Rozariya."

Ndidati, "Wawa."

"Paja nsomba padalibe."

"Padalibe."

"Inu munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Adapichira fodya wawo. Kenaka adafunsa funso limene mwamuna safunsa, limene adalisunga kuyambira tili achinyamata. "Adali mwana wanji?"

Ndidati, "Wamwamuna. Amayi adati adali ndi makutu anu."

Munthu uja sindidamuonepo akulira, ngakhale pothawa nkhondo, ngakhale pa maliro a amayi ake. Tsiku limenelo adalira ngati mwana, nkhope m'chipewa. Nanenso ndidalira, mokweza, kulira kumene adandiletsa kuja. Kachewere adada m'beseni, palibe adaphika. Atatha adati, "Ndiye ine ndidaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti kulibe." Ndidati, "Inu mudanena kamodzi kuti kulibe. Koma mudakhala naye zaka zonsezi, kuposa ine mayi wake."

Adasema ndodo ina yansungwi. Waya utangokhota, adali munthu woyamba kuyenda m'kanjira kaja, ndipo adapita tsiku ndi tsiku mpaka miyendo idakana. Nthawi zina ndinkaona nyongolotsi zawo atazisiya pakhomo, m'kachitini. Sindinkawakumbutsa.

Tsopano mverani chifukwa chake ndakuuzani zonsezi lero. Mkulu wa boma uja adatichenjeza pamene ankakhotetsa waya. Adati malo amene anthu sakuwagwiritsa ntchito boma limawatenganso, ndipo mapepala a patarau akamadzakonzedwanso, adzabwera kudzaona ngati kanjira kaja kakuyendedwa. Sabata yatha ndidadzikoka ndi ndodo mpaka kumeneko. Udzu wafika m'chiuno. Amayi a masiku ano amachirira kuchipatala, zikalephereka zimathera komweko, ku katope sapitanso. Anzanga a tsiku lija atha, tatsala owerengeka. Anyamata nonse mumathamangira kukhoma, kukakwawa pansi pa waya, kumene kuli makumba ndi zibonga.

Selestina, Rozinya, inu mudzakhala amayi. Akadzaitananso reuniyau, musadzakhale kumbuyo n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Wina akadzakutsinani pantchafu, mudzamutsine nayenso, n'kuimirira.

Iwe Zeka, lowa m'nyumba. Pamwamba pa khomo, kudenga, pali ndodo yansungwi ya agogo ako, mbedza yake ili pomwepo, ndidaikulunga m'kansalu. Itenge, ndi yako. Mawa utenge ndi chikwakwa, ukamwete udzu wa m'kanjira, ukafike pa katope wopindika. Mwala uli pomwepo. Agogo ako ndidawanamiza, koma iwe sindikunamiza: nsomba palibe, ukabwerako chimanjamanja ndipo anzako adzakuseka. Pita basi. Ukakhale nawo pang'ono amalume ako.